Tsiku Limene Amalume Anakhala Pansi

Amalume anga ukawauza kuti mpoto watentha, amayamba aukhudza kaye kuti atsimikize. Ndikunena izi mwachikondi, chifukwa ndi iwo amene anatilera ine ndi mlongo wanga bambo athu atamwalira, ndipo mpaka lero ndimakhala nawo nyumba imodzi ku lokeshoni ya Unit D, kuno kudziko la Ashona. Moyo wawo wonse akhala akusoka zovala pakhonde la sitolo ina pa msika wa Makoni, ndi makina opalasa ndi phazi aja. Makinawo akadali olimba. Chimene chinayamba kutha ndi chiuno cha mwini wake.

Ululu unayambira m'mphechepeche mwa mwendo wakumanja. Poyamba ankangotsimphina pang'ono, n'kumanena kuti ndi nsapato. Kenako kukwera kombi, minibasi ya kuno, kunasanduka ntchito yoti anthu awiri awakankhe kumbuyo. Palibe chimene sitinayese. Tinapaka mankhwala onunkha mpaka makatani a m'nyumba anayamba kununkha nawo. Mkulu wina amene anakulira nawo limodzi pa famu anabwera ndi lumo n'kuwatema mphini. Mayi wina woyandikana nafe anawatengera kwa aneneri ovala zoyera kutchire, ndipo anabwerako ndi botolo la madzi komanso chimfine. Kuchipatala anawabaya jakisoni pachiuno pomwepo, n'kukhalako bwino miyezi ingapo, koma ululu unabwereranso ngati unangopita kukatenga abale ake. Mafizo ankapitako mwa apo ndi apo. Ndodo anaikaniratu, amvekere ndodo ndi ya okalamba, pamene iwowo imvi zili mbuu.

Dokotala atawajambula anationetsa chithunzicho. Kamnofu kofewa kamene kamakhala pakati pa mafupa kanali katatheratu, ndiye mafupawo ankangokhulana okhaokha. Anati titha kupitiriza ndi mapiritsi ndi ndodo, koma ululu uzingowonjezereka. Njira ina inali opaleshoni: kuchotsa mutu wa fupa la ntchafu n'kuikapo kampira kachitsulo, kozungulira m'kambale kake. Sanatibisire zoopsa zake. Bala litha kulowa matenda, magazi atha kuundana m'mitsempha, mwendo wina utha kutalikirako, ndipo kampirako katha kuguluka m'kambalemo. Amalume anangofunsa funso limodzi, ngati adzathenso kupalasa makina awo.

Ana awo a ku Joni anasonkherana, opaleshoni inachitika, ndipo inayenda bwino kwabasi. M'mawa mwake anamwino anali atawaimiritsa kale, akuwayendetsa ndi chogwirira chachitsulo. Patapita milungu ingapo ululu wa zaka zonse uja unali utapita. Anayamba kugona tulo tabwino, mkonono wake wosaneneka, ndipo ine ndinkasangalala kuumva. Atayambanso kuonekera pa Makoni, panalibe amene sanauzidwe za chitsulocho. Wogulitsa tomato anauzidwa, wokonza nsapato anauzidwa kawiri. Anyamata oitanira makombi anawapatsa dzina loti mudhara wesimbi, mkulu wachitsulo, ndipo iwo ankaliyankha mokondwa.

Koma chiuno chatsopano chinabwera ndi malamulo ake a miyezi yoyambirira. Osakhala pampando waufupi, osapingasa miyendo, osawerama kufika pansi. Wapolisi wa malamulowo ndinali ine. Ndinaunjika mapilo pampando wawo, tinakweza pokhalira pa chimbudzi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawaveka sokosi iwo akudandaula kuti ndawasandutsa khanda. Ndikawapeza akufuna kutola singano pansi ndinkakuwa mpaka oyandikana nafe ankadziwa kuti amalume alakwanso.

Tsopano nkhani ya mlongo wanga. Mnyamatayu anali atapeza mbeta ya Chishona ya ku Unit G, mtsikana wabwino, woseka ndi aliyense. Nthawi inakwana yoti tikaonekere kwa makolo ake kukapereka malowolo, amene kuno amati roora. Kwathu mwini nkhani yotere ndi malume. Kwa Ashona amayembekezera akuchimuna, abale a bambo, ndiye tisanafike n'komwe tinali kale anthu odabwitsa. Tsikulo linali litasunthidwa kale kamodzi chifukwa cha opaleshoni, ngakhale akuchikazi anangouzidwa kuti amalume sakupeza bwino. Kulisunthanso kachiwiri kukanaoneka ngati tikuzemba. Mlongo wanga anali ataonda ndi nkhawa, chifukwa zinkamveka kuti bambo a mtsikanayo ndi munthu wosaseka ndipo sanakondwe kwenikweni atamva kuti mkamwini ndi wa mtundu wathu, ife ochokera ku Malawi.

Vuto linali limodzi. Opita kukapempha mkazi amavula nsapato pakhomo n'kukhala pansi, pamene eni nyumba ali m'mipando. Mtsikanayo, pokhala wanzeru, anabwera kunyumba n'kugwada pafupi ndi amalume.

“Sekuru,” anatero, pakuti m'Chishona amalume amawatchula choncho, “ndiwauze baba za chiuno chanu. Adzakupatsani mpando, hapana nyaya, palibe vuto.”

“Ayi mwanangu, usawauze,” anayankha amalume.

Atapita ndinawayamba. “Amalume, Makoni yonse ikudziwa za chitsulo chanucho. Ngakhale mbuzi zikudziwa. Ndiye oti asadziwe akhale anthu okhawo amene akufunika kudziwa?”

Sanaseke. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Iwe wabadwira m'tauni. Ife tikuchoka pa famu kupita kusukulu ankatikuwiza kuti mabhurandaya, anthu opanda kwawo, opanda mwambo. Ndakalamba nawo mawu amenewo. Lero ndikalowe m'nyumba ya eni ake, ndikapemphe mwana wawo nditakhala pamapilo ngati bwana? Sadzanena kuti mkulu uja ali ndi chitsulo. Adzati anthu a ku Malawi ndi otero. Ndipo wodzamva mawuwo moyo wake wonse ndi mlongo wakoyu.”

Ndinakwiya, komanso ndinawamvera chisoni. Ndinangowapempha kuti akakhale chotambalala, mwendo uli chiwongolere, atatsamira khoma. Anavomera msanga kwambiri, ndipo pamenepo ndikanayenera kukayikira.

Linali Loweruka, dzuwa likuswa mtengo. Amalume anavala suti imene anasoka okha, ndodo imene anawapatsa kuchipatala anaisiya kuseri kwa chitseko kunyumba. Tinafika ku Unit G ndi munyai wathu, ndiye kuti mkhalapakati wonyamula mawu a mbali zonse ziwiri. Anatiimika panja kanthawi ndithu monga mwa mwambo wake, kenako anatilowetsa. Simenti ya pabalaza anali ataipukuta ndi polishi wofiira moti munthu ukanatha kudzionerapo nkhope. Bambo a mtsikana anali pa sofa ndi abale awo, nkhope ili gwa. Azimayi anali pamkeka kumbali, ndipo ine ndinakakhala chakufupi nawo.

Ndinaona amalume akutsika. Anagwira phewa la mlongo wanga, n'kumatsetsereka ndi khoma pang'onopang'ono mpaka anafika pansi. Atakhazikika anandiponyera diso lonyada, lija lonena kuti waona? Khoma analisiya, miyendo anaipinda n'kuipingasa bwinobwino ngati mnyamata. Ndinawatong'olera maso. Iwo anayang'ana kudenga.

Kunena zoona, anayamba bwino. Chishona chawo chinali chosalala, mawu aulemu onse ali m'malo mwake, moti ndinaona mmodzi wa abale a pa sofa akugwedeza mutu. Ndiye inafika nthawi yolonjera eni nyumba ndi kuwomba m'manja. Amuna ena onse anangowomba ali chikhalire. Amalume anafuna kuposa pamenepo. Anawerama kutsogolo, mutu kutsala pang'ono kugunda simenti, manja ali patsogolo.

Phokoso lake silinali lalikulu, linangoti khu. Koma kukuwa kwake kunamveka mpaka kumsewu.

“Mayo ine! Mayi wanga ine, ndafa!”

Anagwera chammbali, thukuta lili kamukamu. Mwendo wakumanja unali utafupika, phazi litaloza mkati. Azakhali ena a mtsikanayo, pomva munthu wamkulu akubuula m'chilankhulo chachilendo pakati pa mwambo, anaganiza kuti mzimu wa makolo athu wafika. Anagwada n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu, akuulandira. Lero tikakumbukira timaseka mpaka misozi, koma tsikulo ine ndinalumpha miyendo ya anthu ngati mwana, ulemu wonse nditauiwala.

“Musawadzutse! Musakoke mwendowo!” ndinakuwa m'Chishona. “Ali ndi chitsulo m'chiuno, anachitidwa opaleshoni posachedwapa. Dokotala anawaletsa kukhala pansi!”

Bambo a mtsikana anaimirira. Anandiyang'ana ine, anayang'ana amalume, anayang'ana mwana wawo amene anali atatulukira pakhomo la kuchipinda akulira. Anamufunsa funso limodzi lokha, ngati ankadziwa za chitsulocho. Mtsikanayo anavomera ndi mutu. Bambowo anatuluka kukaliza galimoto yawo ya bokosi kumbuyo, ndipo amuna a mbali zonse ziwiri ananyamula amalume pa bulangete, onse ali ndi sokosi zokhazokha, akutsetsereka pa polishi uja.

Bambowo anatifikitsa kuchipatala. Atatitsitsa anabwerera osatsanzika. Mlongo wanga anakhala pabenchi atagwira mutu, ndipo ine ndinadziwa chimene ankaganiza, chifukwa nanenso ndinkaganiza chomwecho. Tinawabisira, tinawasokonezera mwambo pamaso pa abale awo, ndipo nkhani ya ukwati inali isanafike ndi pakati pomwe.

Chiunocho sichinavute kwambiri. Anawagoneka ndi mankhwala, n'kukoka mwendo mpaka kampira kanabwerera m'kambale kake, osang'ambanso. Atawajambula anapeza kuti palibe chathyoka. Dokotala anawakalipira mokwanira, ndipo ine ndinaima pambali ndikuvomereza mawu alionse ngati mumpingo. Anati kakaguluka kamodzi kamatha kuzolowera, ndipo kakapitiriza ndiye kuti opaleshoni yachiwiri, yovuta kuposa yoyamba. Anawagoneka chagada, pilo ali pakati pa miyendo. Amalume sanatsutse chilichonse, zimene zinandiopsa kuposa kukuwa kuja.

“Ndamuwonongera mwana,” ananong'ona madzulo ake, akuyang'ana kukhoma. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndiwalase nawo, koma ndinangowakonzera bulangete.

Mawa lake, nthawi yoona odwala masana, ine ndi mlongo wanga tinali pambali pa bedi tikusenda malalanje. Ndinamva nsapato zambiri zikubwera. Anali bambo a mtsikana uja, abale awo awiri, azakhali aja ndi munyai wathu, onse atavala za kutchalitchi. Mlongo wanga anaimirira mofulumira mpaka malalanje anagubuduzika pansi. Amalume anayamba kulimbana ndi bulangete kuti adzuke, ndipo ndinawakanikiza pachifuwa ndi dzanja langa lonse.

Bambowo anaima kumiyendo kwa bedi, nkhope ili gwa ngati dzulo lake. Anayang'ana mpando umene mlongo wanga ankawapatsa, n'kuukankhira kumbali. Kenako anavula nsapato, anakoka thalauza m'mawondo, n'kukhala pansi pa simenti ya chipatala. Abale awo anaonana, nawonso n'kukhala. Odwala a m'mabedi ena anadzutsa mitu. Namwino amene ankadutsa ndi kangolo ka mankhwala anangoima.

Anayamba kuwomba m'manja, kuwomba kwakuya kuja kwa amuna, akuyang'ana m'mwamba kumene kunali amalume.

“Baba, musatero,” anatero amalume. “Ndife opempha ife. Dzukani, chonde.”

“Rarai zvenyu, sekuru,” anayankha bambowo, kuwauza kuti agone momwemo. Anapitiriza m'Chishona chapang'onopang'ono kuti tonse timve. Anati dzulo anakwiya, inde, chifukwa mlendo anavulala m'nyumba mwawo pa chinthu chimene mpando umodzi ukanatha. Anati akhala akulandira akamwini ambiri pa ana a abale awo, ena obwera ndi magalimoto, ena ndi mawu okoma, koma sanaonepo munthu woika thupi lake pansi chotero chifukwa cha mwana wa mlongo wake. Zotsala za mwambo, anati, tidzamaliza amalume akachira, ndipo adzakhala pampando wautali kuposa yonse m'nyumbamo, afune asafune.

Kenako anatembenukira kwa mlongo wanga, amene anali atagwada kale pakati pa makoko a malalanje.

“Mwana ndakupai,” anatero. Mwana ndakupatsani.

Azakhali aja analuluta mpaka namwino anawagwira pakamwa. Ine ndinkalira ndi kuseka nthawi imodzi, dzanja langa likadali pachifuwa cha amalume, ndipo ndinkamva mtima wawo ukugunda mwamphamvu. Iwo anatulutsa manja m'bulangete, misozi ikutsikira m'makutu, n'kuyamba kuwomba m'manja ali chigonere.