Ndinawongola lilime la amayi anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mu Giredi 7, pamene ndinakhala mphunzitsi wa amayi anga. Ndikukumbukira kuti ndinali mphunzitsi wankhanza, ndipo ntchitoyo ndinaigwira bwino kwambiri.

Tinkakhala awiriwiri ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, m'fulati ya kampani imene amayi ankagwirako ntchito, chifukwa bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. Kampaniyo inali ya boma, m'katikati mwa tauni, ndipo amayi anali opaleta: foni iliyonse yolowa inkayamba yafika kwa iwo, kenaka iwo n'kuilumikiza ku ofesi imene munthu akufuna. Pa holide ankanditenga n'kukandikhazika pakona m'kachipinda kawo konunkha polishi. Ndinkangoonerera timagetsi tofiira tikuthwanima, iwo akuyankha.

Chingerezi chawo chinali cha ku Katete kumene anakulira. Liwu lililonse ankaliika kamchira kumapeto. "Gudu moningi, holodi oni pulizi, ayi amu konekitingi yu." Ankayankhula mosathamanga, ngati akuyambitsa nyimbo kutchalitchi. Khutu lawonso linali lakuthwa. Munthu akangotchula mawu awiri atatu a Chingerezi, iwo anali atadziwa kale kwawo.

"Uyu ndi wa ku Kasama," ankandinong'oneza ataphimba foni ndi dzanja. "Wamva? H wake wamusiya kunyumba. A ku Monze ndiye amachita kumukoka kuchokera m'chifuwa."

Akatero ankamupatsa moni m'chinenero cha kwawo, ngakhale umenewo ukhale mawu okhawo amene ankadziwa, ndipo munthu amene anaimba ali wokwiya ankayamba kuseka.

Ine zimenezi zinali zitasiya kundisangalatsa. Amayi anali atandipezera malo pa sukulu ina ku Woodlands, kumene kunkabweranso ana a ku Kabulonga, otsika m'magalimoto, oonera mafilimu a kunja tsiku ndi tsiku. Sabata yanga yoyamba ndinawerenga ndime imodzi m'kalasi, ndipo ana anagubuduka ndi phwete. Anandipatsa dzina loti Pulizi. Ndinalira kuchimbudzi, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kutchera khutu ngati wakuba. Pomatha chaka ndinali nditadula michira yonse, ndikuyankhulira m'mphuno ngati iwo, ndipo ndinali m'gulu loseka ena obwera kumene.

Inali nthawi ija makampani a boma ankagulitsidwa imodzi ndi imodzi. Ya amayi inagulidwa ndi anthu akunja. Pa maopaleta atatu ananena kuti atsala ndi mmodzi, ndipo pakatha mwezi kudzabwera mayi wina kudzamvetsera mmene aliyense amayankhira foni. Nkhaniyi ndinaimva kwa Ba Mwila, opaleta mnzawo wa amayi, amene anabwera kwathu madzulo ena thukuta lili kamukamu.

"Ba Esnart, bakamba ati bafuna munthu wokamba monga ba pa TV," anauza amayi. "Manje ise na malilime yathu aya, tizayenda kuti?"

Ndinali mwana, koma ndinkadziwa kuti ntchito ikatha, fulati yapitanso. Kotsala kunali kumudzi, ndipo sukulu ya ku Woodlands ikanathera pomwepo.

Loweruka lotsatira, tikuchapa, amayi anandiyankhula osandiyang'ana. "Tisa, undiphunzitseko Chizungu chija cha kusukulu kwanu."

Kunena zoona, ndinasangalala. Ndani sangakonde kulamulira munthu amene amamulamulira? Tsiku lililonse akaweruka, dzuwa lisanalowe, ndinkawakhazika patebulo. Burashi ya nsapato ndiyo inali foni. Ine ndinkagwira rula, ndipo akangoika kamchira ndinkamenya tebulo. Ndinkawalumitsa pensulo kuti pakamwa pasatseguke kwambiri. Ndinkawaimika pa galasi kuti aone lilime lawo pamene R akusanduka L. Mayi wa zaka pafupifupi makumi anayi, amene foni ya bwana wamkulu sinkadutsa popanda iye, ankabwereza liwu limodzi kakhumi pamaso pa kamwana kovala yunifolomu.

Ndinkawaseka, ndipo izi ndi zimene zimandiwawa. Ndinkawatsanzira mokokomeza, ndikupotoza khosi, mpaka misozi ya phwete. Tsiku lina nditatopa ndinaponya rula pansi.

"Amayi, imwe mukamba monga munthu wa kumunzi."

Anachotsa pensulo pakamwa, n'kuipukuta pa chitenje. "Ndine wa kumudzi," anatero motsitsa mawu. "Tola rula yako, tipitirize."

Mwezi utatha, mayi uja anabwera, ndipo amene anasankhidwa anali amayi anga. Ba Mwila anasamukira kwa mchimwene wawo ku Chelstone, ndipo sanabwerenso kwathu. Amayi anandigulira tchipisi ndi soseji m'tauni. Ine ndinkayenda chifuwa patsogolo ngati tambala, poti nyumba ndinali nditaipulumutsa ndine.

Patapita miyezi itatu, Loweruka lina masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, tinamva kugogoda. Pakhomo panaima agogo anga aamuna, bambo a amayi, amene tinkawatchula kuti Ambuya. Anali atavala jekete yawo ya kutchalitchi ndi chipewa, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Pansi pa masitepe panali wilibala imene anaichita hayala ku siteshoni ya mabasi ya Intercity, yodzaza ndi thumba la chimanga, lina la mtedza, ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Sanalembe kalata kuti akubwera, ndipo ku Lusaka anali asanafikeko kuchokera pa maliro a bambo anga.

Amayi anagwada, n'kuwapatsa madzi. Ambuya anamwa pang'ono, akuyang'ana mipando ndi makatani ngati akuwerenga zimene zatsala.

"Esinati, unandibisiranji?"

"Chiyani, Atate?"

"Kuti ntchito inatha."

Apa m'pamene ndinadziwa chinthu chimene sindinkachilabadira. Kumapeto kwa mwezi uliwonse Ambuya ankapalasa njinga kuchokera kumudzi mpaka ku positi ofesi ya pa boma, kukaimbira mwana wawo kuntchito. Akamva "Gudu moningi" uja, ankadziwa kuti ndi iye, n'kuyamba kumuuza za mvula ndi za odwala.

"Ndaimba miyezi itatu," anatero. "Akuyankha ndi dona wachizungu. Ine ndimangobweza foni pamalo pake. Pa wailesi tikumva kuti anthu akuchotsedwa, ndiye ndinati mwana wanga akuchita manyazi kundiuza, akugona ndi njala ndi mdzukulu wanga. Ndapungula m'nkhokwe. Njinga ndagulitsa, ndiyo yandikweza basi. Ndikanaisungiranji, poti woimbira kulibenso?"

Amayi anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene mtima wakhala pansi. "Atate, dona ameneyo ndine." Ambuya anangowayang'ana. Pamenepo amayi anatola burashi ija, n'kuiika kukhutu, anawongola msana, ndipo anayankha monga ndinawaphunzitsira: mawu odukaduka, akuthwa, opanda kamchira ngakhale kamodzi.

Ambuya anavula chipewa.

Sanachite kuganiza. Dzanja linangopita lokha, monga linazolowera zaka zimene ankagwira ntchito m'mafamu a azungu ali mnyamata. Anakhala choncho chipewa chili pa chifuwa, pamaso pa mwana amene anamubereka okha, ndipo atazindikira zimene achita anachiyang'ana chipewacho kwa nthawi, n'kuchiika pa bondo. Amayi anali atasiya kuseka.

"Chabwino," anatero Ambuya. "Tsopano unene mmene unkanenera kale, ndimve."

Amayi anayesa. Anayamba bwino, koma pofika pakati lilime linadula lokha kamchira. Anayesanso, zinatuluka zosakhala za ku Katete, zosakhalanso za ku Kabulonga. Kachitatu anangotsitsa burashi ija n'kuiika patebulo.

"Wakuphunzitsa ndani?"

"Mdzukulu wanu."

Ndinawongoka, kudikira kuyamikiridwa. Ndipo anandiyamikiradi, poti Ambuya sanali munthu wachinyengo. "Waphunzitsa bwino, mdzukulu wanga. Nyumba mwaisunga." Anasisita m'mphepete mwa chipewa. "Koma ine ndikaimba, ndizidziwa bwanji kuti ndafika?"

Amayi anawauza kuti asamaope, akamva moni umenewo azingoti "Esinati", iwo adzayankha m'Chichewa. Ambuya anavomera ndi mutu. Anakhala nafe masiku anayi, ndipo chimanga anakana kubwerera nacho. Amayi anawatumizira njinga ina Khirisimasi isanafike, koma foni sanaimbenso. Ankalemba makalata, ndipo m'kalata ina ananena kuti moni uja umawadumphitsa mtima, ukalamba wawo sungathe kuuzolowera. Amayi anaiwerenga ali chiimire pakhomo, n'kuipinda bwinobwino.

Ntchito ija anaigwira zaka zina zochepa, mpaka kampani inagula makina oyankha okha. Pa nthawiyo ine ndinali nditatsala pang'ono kumaliza sekondale, choncho sindinganame kuti zimene tinachita zinali zopanda phindu. Ndinaphunzira chifukwa cha pensulo ija. Koma masewera aja oloza kwawo kwa munthu anathera pomwepo, chifukwa eni ake atsopano sankalola moni wa zinenero zathu pa foni. Ndipo amayi, ngakhale atapuma ntchito, akafuna kunena kanthu m'Chingerezi ine ndilipo, ankayamba andiyang'ana kaye.

Lero ndine mphunzitsi weniweni wa Chingerezi. M'kalasi mwanga muli ana a ku Mansa, a ku Mongu, a ku Petauke, aliyense ndi lilime la kwawo. Zolemba ndimawakonzera ndi cholembera chofiira mosanyengerera, koma mwana akaimirira kuwerenga n'kuika timichira take, amene angaseke amatuluka panja. Ndikumvetsa tsopano zimene sindinkazimvetsa ndili ndi rula m'manja: mmene munthu amatchulira mawu achilendo si dothi loti alichape. Ndi mmene anthu ake amamuzindikirira asanamuone nkhope. Nyumba tinkayeneradi kuisunga, koma kuseka kuja palibe amene anandituma.

Ambuya anapita kalekale, ndipo amayi anawatsatira zaka zisanu zapitazo. Ndimawasowa kwambiri, makamaka mawu awo aja a m'kachipinda konunkha polishi, amene palibe anawajambula pa tepi. Nthawi zina ndikakhala ndekha m'nyumba ndimayesa kuwanena, kuti ndiwamveko kamodzi kokha. Amatuluka, koma si a amayi. Ndimangotha kuwanena mmene ndinkawanenera powaseka.