Kakhadi Kamene Ndinakana Kuti Akafufute

Mwana wanga ankagwa. Akusewera bwinobwino, maso ankangotembenuka, dzanja limodzi n'kuyamba kunjenjemera, kenako thupi lonse. Koma tikamafika naye kuchipatala chaching'ono cha kwathu ku Vubwi, amakhala atatsitsimuka, akuseka, akukoka cholembera cha anamwino. Amamuyeza malungo, osawapeza, n'kutibweza. Apongozi anga anali atayamba kale kunena zowoloka naye malire, kwa munthu wina wazitsamba ku Mozambique. Anamwino ena ndiwo anandikokera pambali n'kunena kuti, "Amayi, akadzagwanso mumujambule vidiyo pa foni. Adokotala a chipatala chachikulu akaona ndi maso awo adzadziwa chochita."

Atagwanso, ndinajambula. Mwana ali pansi, ine foni m'manja, nkhope nditayang'ana kumbali. Zitangotha ndinaponya foniyo kuti ndimunyamule, inagwera pamwala, sinayakenso. Chinatsala ndi kakhadi ka memore, kochepa ngati chikhadabo. Ndinakakulunga m'kapepala ka switi n'kukamanga pangodya ya chitenje. Alamu anga anandibwereka foni yawo, koma ndi ya masiku ano, ilibe polowetsa khadi. Choncho titatsika minibasi ku Katete, mwana ali kumsana, ndinayamba ndalowa mumsika kufuna woti asamutse vidiyoyo.

Ndinapeza kashopu kothira nyimbo. Mwini wake anali bambo wandevu zochepa, wosachedwa kuseka. Patsogolo panga panali wina wa njinga yamoto, akufuna nyimbo za kwaya. Ine ndikakhala ndi mantha ndimayang'ana chilichonse, ndiye ndinaona zonse: khadi yalowa m'kompyuta, nyimbo zayamba kuyenda, kenako kamzere kobiriwira kaima pakati. Mwini shopu anagwedeza mausi, kamuvi osasuntha. Kompyuta inali itauma.

"Khadi yanu yadwala, bosi," anatero. "Tiipange fomati."

Anazimitsa, kuyatsa, kufufuta zonse za m'khadimo, kuyambiranso. Inaumanso. Wa njinga uja anatola khadi yake akudandaula.

"Mwandiphera kwaya yonse, ndiimba ndekha panjira?"

"Mawu muli nawo, mukagule khadi ina mawa."

Anaseka onse awiri. Kwa iwo fomati si nkhani, nyimbo zikapita amathira zina.

Ndinamasula kakhadi kaja pachitenje, ndinauza mwini shopu kuti muli vidiyo imodzi yokha yomwe ndikufuna. Analowetsa kakhadi kanga, anaipeza, anayamba kuikoka. Kamzere kaja kanayenda pang'ono n'kuima.

"Nayonso yadwala, asisi. Makhadi otchipawa ndi choncho. Tiipange fomati, mwina ichira."

"Fomati ndiye kufufuta kuja?"

"Eya, koma ndikuthirirani zina zabwino kuposa izi."

Ndinaika dzanja pa mausi yake. Sindinayambe ndagwirapo chinthu cha mwamuna wachilendo chotero, koma ndinagwira.

"Achimwene, mmenemo muli mwana uyu akugwa. Mukafufuta, ndiye kuti ndidikire agwenso, ndimuyang'anirenso osamunyamula. Sindingathe. Komanso ya bambo aja munafufuta, sinasiye kuuma."

Anayang'ana mwana, anayang'ana ine, kuseka kuja kunatha. Anazimitsa kompyuta, anachotsa kakhadi kanga mosamala n'kundipatsa m'manja.

"Gwirani kaye. Tiyese ina."

Anang'amba paketi ya khadi yatsopano, ya pamalonda ake omwe, n'kuilowetsa. Anayamba kuthiramo nyimbo. Kamzere kanafika pakati, kanaima.

"Ndiye si makhadi," anatero pansipansi. "Wodwala ndi wanga yemweyu."

Anasintha kachipangizo kolowetsamo khadi, zomwezo. Anasintha pobayira, zomwezo. Nthawi iliyonse amasintha chinthu chimodzi chokha, ndipo ine mtima unayamba kukhala pansi, chifukwa ndinaona kuti munthuyu tsopano akufufuza, sakungoyerekeza. Kenako anadzimenya pachipumi. Anati dzulo lake kompyutayo inadzikokera yokha zinthu zatsopano pa intaneti. Anandifotokozera kuti mkati muli kapulogalamu kamene kamagwirizanitsa kompyuta ndi zonse zosungiramo zinthu, iwo amakatcha dilaiva, ndipo katsopanoko kakuoneka kuti sikakumvana ndi makina ake akale. Sindinamve zonse. Ndinamva zoti angathe kubwezera kakale.

Anabwezera, anazimitsa, anayatsa. Anayesa kaye ndi khadi yake ija, nyimbo zinadutsa mpaka kumapeto. Apo m'pamene anatambasula dzanja.

"Bweretsani, mayi a mwana."

Ndinapereka. Kamzere kanayamba, kanafika paja pamaimira, kanadutsa. Anaika vidiyoyo mu foni ya alamu anga, ina anaisiya m'kompyuta mwake kuti mwina ndingataye foni panjira. Atafuna kuitsegula kuti atsimikize, anatembenuzira foniyo kwa ine, iye n'kuyang'ana kumsewu.

Kuchipatala chachikulu mwana anachita zake zomwe zija, kuseka, kukoka zingwe za adokotala. Koma ulendo uno ndinali ndi choonetsa. Adokotala, mayi wachikulire wa magalasi, anaonera kawiri, anaimitsa pamene dzanja limayamba, anandifunsa ngati limayamba lomwelo nthawi zonse. Ndinati inde, lamanzere. Anati ndi matenda akugwa, ali ndi mankhwala, ndipo ana ambiri amakula nawo bwino akamamwa mosadumphitsa.

Apongozi anga ndinawaonetsa botolo la mankhwala, za ku Mozambique sanazitchulenso. Mwana amamwa m'mawa ndi madzulo, ndimamupatsa ndekha, sindituma munthu. Anagwaponso ulendo wina mankhwala asanamuzolowere. Foni inali pampando pomwepo, sindinaikhudze. Ndinamugoneka cham'mbali monga anandiphunzitsira adokotala, ndinamuika chitenje kumutu, n'kukhala naye pansi mpaka anatsegula maso.