Patapata Imodzi ndi Makwerero a Kudenga

Aneba athu a ku Chipata sagula kanthu asanakayese, ngakhale supuni. "Yalla, tiyeni, tiyese kaye!" ndiwo mawu awo.

Akazi awo amagwira ntchito yolera ana ku Al Furjan, dera lina la mzinda uno, ndipo mliri wa korona unawatsekera kwa mabwana miyezi yambirimbiri. Atamva kuti akubwera, bambowa anakonza kachipinda kudenga, poti fulati yomwe tonse timakhalamo kuno ku Hor Al Anz ndi yodzaza anthu. Kushopu analowa atanyamula patapata ya mayiwo, n'kumaiika pa sitepe iliyonse mpaka anapeza makwerero opinda oti phazi lonse likhalepo. Anawakhoma okha akuimba, thukuta lili kamukamu.

Tsikulo mayi anakwera bwinobwino, ife tikuwomba m'manja. Bambo anawatsatira, n'kutisuzumira.

"Khalas, zatha, anthuni, tionana mawa!"

Basi anakokera makwerero aja m'mwamba.