Mbalame Yamaso Ofiira

Kumudzi kwa akazi anga, kufupi ndi Kachulu, ankandidziwa ngati mkamwini woyenda maso ali kumwamba. Nkhwazi ndi kabawi ndinkazisiyanitsa zikadali kutali, ndipo ndinkanyada nazo.

Chaka china anapiye a apongozi anga aamuna anayamba kutha. Iwo anatchera ulimbo pamtengo wa kuseri kwa khola, ndipo tsiku lachitatu anafika pakhomo panga atagwira mbalame miyendo.

"Inu odziwa mbalame, tatiuzani. Wakuba uja ndi ameneyu?"

Ndinangoiyang'ana kamodzi. Inali yotuwa, yoyera pachifuwa, mapewa akuda, maso ofiira psu. Ndi ija imaima malo amodzi m'mwamba ikukupiza mapiko, kusaka mbewa m'minda ya mpunga. Sindinaionepo itagwira mwanapiye. Wakuba weniweni ndinkamudziwa, anali galu wanga. Ndinali nditamupeza kawiri nthenga zili kukamwa, ndipo pamudzi paja galu wodya nkhuku ankaphedwa tsiku lomwelo.

"Ndi kabawi ameneyu, bambo," ndinatero.

Anaithyola mapiko onse awiri, n'kuimangirira yamoyo kunsonga ya nsungwi, n'kuzika nsungwiyo pambali pa khola kuti zinzake zione. Inakhala padzuwa la Okutobala masiku awiri, kukamwa kuli yasa, ikutembenuza mutu kutsatira aliyense wodutsa. Ine ndinkazembera kuseri kwa nyumba.

Galu wanga analibe manyazi amene ine ndinali nawo. Masiku awiri onsewo anagona pansi pa nsungwiyo, kudikira kuti mbalameyo igwe.