Nyimbo imene ndinaimvera kuseri kwa khoma

Nthawi ya Chitaganya tinkakhala kuseri kwa msika wa ku Lilongwe, m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Amuna anga ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Banjo yawo anapanga okha ndi chitini cha mafuta, chikopa cha mbuzi, ndi mawaya osolola ku mabuleki a njinga zakufa.

Anali m'kalabu ya oimba. Munali telala wachichawa wosoka pakhonde la sitolo ya Amwenye, ameneyo ankaliza kodiyoni. Munalinso mesenjala wa kuboma wa gitala, ndi bambo wina wachikulire wogulitsa fodya, wa bangwe. Loweruka la kumapeto kwa mwezi ankachita konsati masana m'holo ya pafupi ndi bwalo la mpira. Ine ndinkakhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, mwana kumsana. Sindinali munthu wa pagulu. Ngakhale kunyumba, amuna anga akandiyang'anitsitsa ndinkapeza chochita panja.

Mwana wathu atayamba kumera mano, iwo anayamba kupeka nyimbo yatsopano. Ankangokhwatcha banjo n'kumang'ung'udza, pakamwa ali chitsekere.

"Mawu ake ali kuti?" ndinafunsa tsiku lina ndikutsuka mbale.

"Alipo. Ndawasunga."

"Mwasungira yani?"

"Mwini wake. Akawamvera kuholo, pamaso pa anthu, kumene kulibe mbale zothawirako."

Ndinatsukanso mbale yotsukatsuka.

Tsiku la konsatiyo kunabwera mzungu ndi kalaliki wake, atanyamula makina ojambulira mawu a wailesi ya ku Lusaka. Anatseka mawindo onse chifukwa cha phokoso la mpira. Kalaliki anaima kutsogolo nati pasapezeke wotsokomola kapena wokoka benchi. "Amayi a ana, mwana akangoyamba, panja."

Nyimbo za telala zinadutsa bwino, ya bangwe inadutsanso. Amuna anga atangokhwatcha waya woyamba, mwana anadzuka. Nkhama zinkamuyabwa. Mitu yonse inatembenukira kwa ine, ndipo sindinadikire kuti wina andiuze. Ndinatuluka n'kuzungulira kuseri kwa holo, ndikumugwedeza.

Ndinatsamira khoma. Banjo inkamveka, liwu lawo linkamveka, koma mawu ankathera m'njerwa. Pena anthu anaseka. Kenako anakhala chete, chete wautali, mpaka mayi wina analiza nthungululu kalaliki asanalole.

Amuna anga ankaimba atatsinzina, ndiye sanaone kuti ndinatuluka. Pobwerera ankakankha njinga, banjo ataimangirira pakaliyala.

"Amake mwana, mwaimva?"

Nkhope yawo inali ngati ya mwana wobwera ndi mbalame yoyamba kugwira. Ndinayang'ana pansi.

"Ndamva."

"Nanga?"

"Ndi yabwino."

Analiza belu njira yonse mpaka kunyumba. Ndinkati ndidzawapempha tsiku lina kuti andiimbirenso. Ndinayesadi kamodzi, mozungulira, koma anaseka nati mawu otero sanenedwa kawiri, amasukuluka ngati tiyi wobwereza masamba. Ndikanangonena kuti ndinali panja, akanaimba pomwepo.

Posakhalitsa dziko linavuta. Boma linaletsa anthu kusonkhana, holo anaitseka, kalabu inabalalika. Mesenjala anasiya kuwapatsa moni anzake pamsewu, kuopa ntchito. Njinga zokonzetsa zinachepa, ndipo amuna anga analembetsa ulendo wa ku Joni. Banjo anapita nayo. Sanabwerenso. Ena ankati anafera mumgodi, ena ankati anatchona.

Tsiku lina ndikuchokera kumtsinje kochapa, telala anandikodola pakhonde paja.

"Alamu, munali kuti? Amuna anu angoimba kumene m'wailesi ya m'sitolomu. Mmwenye mpaka anakweza."

Ndinatula beseni. Kwa nthawi yoyamba ndinafunsa mwamuna wa eni funso ndikumuyang'ana kumaso.

"Amati chiyani m'nyimbomo?"

Anayesa kuti ndikuseka. Ataona kuti ayi, anakanda mutu. Anati iye maganizo ake amakhala pa zala, mawu sawasunga, koma munali za mkazi woseka ataphimba pakamwa. Mesenjala, nditalimba mtima kumuimitsa, anati ayi, inali ya chitseko, ya munthu wokhala pafupi ndi chitseko. Pomaliza ndinafunsa bambo wa bangwe uja.

"Mwana wanga, ife sitinaisunge. Timayesa muli nayo inu."

Miyezi yambiri ndinkadutsa pasitolopo ndikuchepetsa liwiro, khutu kuwailesi. A wailesi sanaiikenso nyimboyo, kapena ankaiika ine ndili kwina.

Mwana uja anakula ndikumugoneka ndi nyimbo yomweyo, yong'ung'udza, monga ndinaimvera kukhoma. Atayamba sukulu anandifunsa chifukwa chake nyimbo ya bambo ake ilibe mawu. Ndinamuuza kuti mawu alipo, anandisungira.