Khutu Langa Lamanzere

Ufulu utangobwera, ndinkaboola miyala pansi pa mgodi ku Kitwe. Kunabwera dokotala wofufuza ngati phokoso la makina linkatigonthetsa. Ankativeka zomvera kumakutu, n'kutiuza kuti tikamva kulira tizikweza dzanja.

Ine khutu lamanzere linali litafa kale, koma ndinkaopa kuti akadziwa andichotsa ntchito, ndibwerere ku Katete ndi ana. Choncho sindinavutike n'kumvetsera. Ndinkangoyang'ana chala cha sisita, namwino wothandiza dokotalayo, pagalasi la windo, ndipo akadina batani loliza zomverazo, ine dzanja m'mwamba. Nthawi ina anangodzikanda pamkono, ine n'kukweza. Ndinanamizira kuingitsa ntchentche.

Dokotala anandigwira paphewa. "Zaka zonsezi pansi, makutu ngati a mwana. Mwina phokoso si vuto kwenikweni." Ndinamwetulira, mpaka ndinathokoza.

Madzulo ku komboni ya Chimwemwe ndinakumana ndi mnzanga Tembo, amene ananena zoona za makutu ake, n'kupatsidwa tsache kuti azisesa pamwamba.

"Iwe Phiri, zonse zija unazimvadi?"

Anachita kubwereza funsolo mokweza, poti anaima kumanzere kwanga. Ndinati eya. Anangondizungulira mwakachetechete, n'kuyamba kuyenda kumanja kwanga.