Khadi la Chipani ku Banki ya ku Harare

Ndiulule lero: ku Harare ndilibe akaunti. Chaka chimene ndinapita kukaoda mabulangete ndinalowadi m'banki, nditavala jekete yobwereka. Mayi wa pakauntala anandifunsa kalata yotsimikizira komwe ndimakhala. Ine mwamatama ndinatulutsa khadi la chipani. Kwathu ku Balaka khadilo linkakulowetsa mumsika, m'basi, ngakhale m'chipatala, ndiye banki ikanalikana bwanji?

Mayiyo analitembenuza uku ndi uku, nkuitana anzake awiri kuti adzaone nawo. Ndinatuluka mwakachetechete, ndalama zili m'sokosi momwemo.

Nditatsika sitima pa Nkaya, alamu anga anandichingamira. "Mwatsegula akaunti ija?"

"Iii, kalekale!" ndinatero.

Mpaka lero akabwera kudzapempha ya feteleza ndimangopukusa mutu. "Pepani alamu, zonse zili kunja."